Mapazi Atatu a kwa Chibwezo

Amene ali ndi fodya akokeretu, chifukwa ine ndikayamba nkhani ya Gerevazio sindiimira munthu.

Linali Lolemba madzulo, mwezi wa chisanu, nkhondo ya Jeremani isanabwere kudzatola anthu a mtengatenga. Gerevazio ankatsekera mbuzi za apongozi ake kwa Chibwezo, kuseri kwa Phiri la Dedza, kumene nkhungu imalowa m'nyumba osaodira. Anthu ena akamatsekera mbuzi amangotsekera mbuzi. Osati Gerevazio. Mbuzi ikalowa m'khola iye amvekere, "Chimodzi." Ina ikalowa, "Chachiwiri." Kenaka kutambasula manja, kupinda mawondo, kutong'ola maso ngati chule wopondedwa ndi ng'ombe, n'kudzigwetsa chammbali, khu, mpaka mbuzi zomwe kusiya kubzikula.

Ankatsanzira mlamu wake Alufeo, amene anali pakhonde atafunda bulangeti.

Mpira masiku amenewo unali chinthu chachilendo. Unabwera ndi wansembe wina wa ku mishoni, wa ndevu zofika pamchombo, ndipo midzi imene inali ndi timasukulu ta udzu inaulandira ngati mchere. Loweruka lapitalo a kwa Tsumba, kwawo kwenikweni kwa Gerevazio, anamwetsa a kwa Chibwezo, kuchikamwini kwake, zigoli khumi ndi chimodzi kwa duu. Ankawerengera zitsononkho, ndipo akuti zitsononkho zinatha, wina anachita kuthamangira kunkhokwe kukatonola chimanga china. Alufeo ndiye anali mlonda wa pakati pa nsungwi ziwiri za pagolo. Zonse khumi ndi chimodzi zinadutsa iye ali pompo.

"Alamu, mbuzi zathera pa zisanu ndi zitatu," anatero Gerevazio akudzisansa fumbi. "Mukabwereke zitatu, zikwane zanu zija."

"Sekani, akamwini. Ufa wathu ukukuyanjani."

"Ine ndikungothandiza kuwerenga. Paja inu kusukulu munalekezera pa zala za dzanja limodzi."

Alufeo sanaseke. Anatulutsa phazi m'bulangeti n'kulitsina. "Koma mapazi angawa sindikuwamva. Chiyambire Loweruka ali zii ngati mwala wa mumtsinje."

"Mapazi ake ati? Loweruka munabwera nawo?"

Mawuwo akutuluka choncho, dzuwa linatsetserekera kuseri kwa phiri, ndipo Gerevazio anadukiza nthabwala, nawerenga masiku. Linali dzuwa lachitatu.

Ndikuuzeni chimene munthuyu anachita, musafulumire kumumvera chisoni. Zaka ziwiri za chikamwini chake, a kwa Chibwezo ndiwo ankapambana, ndipo Alufeo ankamuimbira nyimbo kumunda, kumtsinje, ngakhale pakhomo pa tchalitchi, yakuti a kwa Tsumba miyendo anabwereka kwa nkhanu. Ndiye Lachisanu mbandakucha, mpira uja uli mawa, mame adakali pansi, Gerevazio anapita pabwalo pamene alamu akewo ankayeserera mpira, ali ndi zigoba zitatu za nkhono. Mapazi a anthu amene umadya nawo suwasowa. Anatapa dothi pa phazi la Ackim, wa liwiro la gwape. Anatapa pa phazi la Petulo, amene akamenya mpira nkhuku za mudzi wachitatu zinkasiya kuikira. Anatapa pa phazi la Alufeo, la chala chachikulu chokhota. Zonsezo anapita nazo kwa a Kenan, mkulu wina wa kwa Tsumba amene ankakhala yekha pansi pa thanthwe lija la zolembalemba zofiira.

A Kenan anamata zigobazo ndi phula n'kuzikwirira m'phulusa lozizira. "Miyendo iwalemera tsiku limodzi basi," anatero. "Koma ubwere udzatenge. Dzuwa lisanalowe katatu kuchokera pa mpirawo, dothi libwerere pamene unalitapa. Phazi la munthu sasunga."

Loweruka Gerevazio anavina. Lamulungu anatsanzira Alufeo panja pa tchalitchi mpaka amayi ena mbereko kumasuka ndi kuseka. Lolemba ndi mbuzi zija. Anadzitonthoza kuti akuluakulu amakonda kuopseza, tsiku limodzi si kanthu.

M'mawa mwake anauza mkazi wake Bernadeta kuti akukaona amayi ake, nakwera njira ya kwa Tsumba. Tsoka lake njira ya kwa a Kenan inkadutsa pa dima. Bonifasio, mnzake wa paubwana, ankafolera nyumba, ndipo mowa unali pansi pa msuku.

"Uyo wabwera, mwini nkhani," anatero Bonifasio ali padenga. "Tatiuza, kwa akazi akowo adzuka, kapena adakagona pabwalo pompaja?"

Munthu wa nthabwala akaona anthu akumudikira amakhala ngati galu woona mphika wosavundikira. Gerevazio anakhala pansi.

"Iwo aja asiye mpira, ayambe kuumba mbiya," anatero wina.

"Mbiya zimafuna manja. Manja ake ati? A Alufeo?"

"Vuto lawo ndi mphunzitsi. Amawaphunzitsa katekisimu asanalowe m'bwalo. Mpira ukalowa mbali iyi, iwo akutembenuziranso mbali inayo."

"Ackim uja amati gwape. Gwape wake uti wothamanga ngati wasenza mtondo?"

"Aike akazi awo ulendo wamawa. Kusinja kumalimbitsa msana."

Gerevazio anaimirira, nakhala Ackim akuzula miyendo ngati m'matope, nakhala Petulo akumenya mpira n'kuupeza udakali pomwepo, nakhala Alufeo akugwa kuno mpira uli uko. Anthu anagubuduka mu udzu wofolera. Mkulu wina mowa unamutulukira m'mphuno.

Bonifasio yekha ndiye anatsika padenga osaseka kwenikweni. "Koma ine ndinene zoona," anatero akulandira chipanda. "Kuyambira chachisanu ndi chiwiri chija ndinkayang'ana pansi. Anthu aja timawadziwa, si opusa. Kunali ngati kumenya munthu womangidwa manja."

Mowa unamuwawira m'kamwa Gerevazio. Anatsanzika, nakwera kuthanthwe.

A Kenan anamuona ali patali. "Wabwera dzuwa lachinayi," anatero. Anafukula zigoba zija. Phulusa linali lozizira, koma zigobazo zinali zofunda ngati mazira ochotsedwa pansi pa nkhuku, ndipo mkati mwake munkamveka tsa, tsa, tsa, ngati munthu akuyenda pamchenga kufunafuna khomo.

"Ndikawaza mawa m'mawa, agogo. Palibe adzandione."

"Ukawaza mobisa, dothilo liwatsogolera kumanda. Lazolowera mdima tsopano. Njira yatsala imodzi. Masana, anthu akuona, ugwade, unyamule phazi la mwini wake, uthire dothi pansi pake, utchule dzina lako, unene kuti ndine ndinatapa."

"Anthu andiyesa mfiti."

"Nanga wotapa mapazi mbandakucha kwanuko mumamutcha chiyani? Katekisiti?"

Gerevazio anabwerera kwa Chibwezo ndi zigoba zake m'chiuno, nazitsomeka mu udzu wa denga, pamwamba pa chitseko. Anati aganize kaye. Inu mukudziwa kuti munthu akati aganize kaye ndiye kuti waganiza kale.

Lachitatu mkazi wa Ackim anazira m'nyumba. Dothi lidakali lonyowa, Ackim anadutsapo akudzikoka kupita panja, ndipo mkaziyo anatsegula pakamwa kuti amukalipire. Pansi panali see, ngati sipanadutse munthu. Nkhuku inalowa pambuyo pake, tizala take tinadindika bwinobwino. Mkaziyo anauza mwamuna wake kuti apondenso. Anaponda ndi mphamvu zonse. Palibe.

Pofika masana nkhani inali itafika kuchitsime, yabwerako, yabereka ana. Anayesa Petulo paphulusa, palibe. Anayesa Alufeo m'mbali mwa mtsinje, pamatope ofewa oti ngakhale tsokonombwe amasiya chizindikiro, palibe. Anthu atatu olemera bwino, oyenda padziko ngati utsi.

Kenaka panabwera phokoso. Nkhungu ikatsika dzuwa lili paliwombo, pabwalo la mpira pankamveka du, du, du, ngati anthu akumenyerana mpira, chonsecho mpirawo unali utabwezedwa kale kumishoni. Amuna olimba mtima akapita kukaona, ankapeza nsungwi ziwiri zokha ndi udzu ukudzuka pang'onopang'ono ngati wangopondedwa kumene. Panabweranso fungo, la dothi lonyowa longofukulidwa, m'mwezi woti mvula inaiwalika kalekale. Linkayamba chakumadzulo, n'kuzungulira m'mudzi ngati mlendo wosowa pogona. Agalu ankalinunkhiza n'kulowa pansi pa nkhokwe.

"Mwalimva?"

"Musalitchule."

"Likuchokera kuti?"

"Ndati musalitchule, mayi."

Kuzizira kwa Ackim kunakwera kuchoka kumapazi kufika m'mawondo, m'mawondo kufika m'chiuno. Anamuwotha ndi makala, anamukwirira ndi zikopa zitatu, iye n'kumangoti miyendo yake ikuyenda kwina, yamusiya. Lachisanu kuzizira kunafika pachifuwa, ndipo Ackim anatsirizika.

Adzukulu okumba manda anabwerako atatuwa. Anati m'mwezi wouma wotere khasu limadumpha, koma apa dothi linkachita kutseguka lokha ngati likumudziwa. A kwa Tsumba anabwera kumaliro onse, mitu ili pansi. Palibe anatchula mpira. Bonifasio anakhala pafupi ndi Gerevazio nanong'ona kuti, "Tinkamuseka munthu akudwala, iwe. Ine ndinkati wasenza mtondo." Sanali iye ananena za mtondo, koma manyazi akabwera aliyense amatola kake.

Mukuganiza kuti Gerevazio anaimirira pamaliropo? Ayi ndithu. Anasenza nawo chithatha. Anaimba nawo, ndi mawu ake okoma aja. Mumtima ankati mwina Ackim anali ndi nthenda yake kale, mwina a Kenan amangofuna kumuchititsa manyazi, mwina kuwaza mobisa kungagwire ntchito, paja nkhalamba nazo zimalakwitsa.

Lamulungu, mudzi wonse uli m'katchalitchi, ananena kuti m'mimba mwamuvuta. Anazula chigoba cha Petulo kudenga, nathamangira pabwalo, nachiswa pamwala, nawaza dothi pamene anatapa. Dothilo litangogwa pansi, anamva mapazi. Anayambira pamaso pake penipeni, tsa, tsa, tsa, kenaka liwiro, udzu ukugona motsatizana, kulunjika kumsitu wa kumanda osakhota. Ali chiimire choncho, nyimbo ya m'tchalitchi inaduka pakati, ndipo panamveka mayi mmodzi akulira.

Petulo anagwa ali chogwada. Anamuika pafupi ndi Ackim.

Apa mudzi unagawika. Akhristu anati ndi a Nyau, akwiya chifukwa bwalo la mpira layandikira dambwe. A Nyau anati ndi mpira wa mzungu uja, ndani anaona nyama imene anasendako chikopa chake? Ena anati ndi mayi wina wamasiye wa kumapeto kwa mudzi, amene mlandu wake unali wakuti maso ake ngofiira, ngati kuti pali wophika ndi nkhuni zaziwisi amene maso ake ngoyera. Anthu anayamba kumumana moto mayiyo. Ndipo atamufunsa Gerevazio maganizo ake, anati, "Kaya, komatu maso aja." Anatero, ine ndikukuuzani, ndi pakamwa pake pomwepa.

Alufeo kuzizira kunali kutafika m'chiuno. Anamunyamula kupita naye kunyumba kwa amayi ake, apongozi a Gerevazio. Tsono mwambo mukuudziwa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Zaka ziwiri Gerevazio akawaona akubwera m'njira ankalowa m'tchire, minga kapena ayi. Nkhope yawo sankaidziwa, ankangodziwa msana ndi mawu. Ndiye mwambowo unamuthandiza bwino: sangalowe kwa wodwala, muli apongozi.

Bernadeta ankabwera kunyumba kudzatenga ufa ndi kubwerera. Lachiwiri m'mawa anaima pakhomo, pansi penipeni pa zigoba zotsala, nakweza mphuno.

"Aphiri, m'nyumba muno mukununkha manda."

"Ndi mudzi wonse."

"Mudzi wonse madzulo. Muno ndi m'mawa momwe." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Masiku ano simukutsanzira munthu."

"Pamaliro satsanzira."

"Achimwene akukufunani. Kwafika pansi pa nthiti."

Anthu anali atasonkhana kale panja pa nyumba ya apongozi, amuna uku, akazi uko, monga amachitira akadziwa kuti lero ndi lero. A kwa Tsumba ena analiponso, sanafune kuyenda kawiri. Gerevazio anazungulira kuseri, nagwada pafupi ndi khoma, monga ayenera mkamwini.

"Alamu, ndabwera."

Mawu anatuluka m'ming'alu ya khoma, ang'onoang'ono ngati a mwana. "Akamwini. Muno onse akungolira, ndatopa nawo. Tandisonyezani mmene ndinagwera pa chachisanu ndi chinayi chija. Ndimvera kuseka kwa anthu."

"Sindingathe, alamu."

"Mwayamba ulemu lero? Nyimbo ya nkhanu ija ndinkakuvutani nayo dala. Mudzi uno usanakuoneni inu unali wosasangalatsa. Bernadeta mumusamale, ali ndi mtima wapachala koma..."

Gerevazio sanadikire kuti amalize. Anadzuka, nadutsa pakati pa anthu, nalowa m'nyumba mwake, nazula chigoba cha Alufeo. Chinali chotentha tsopano, ndipo kuyenda kwa mkati kuja kunali kwapang'onopang'ono, tsa, kenaka chete wautali, tsa. Pobwerera sanazungulire kuseri. Analunjika pakhomo penipeni, nakankha chitseko cha bango.

Amayi a panja anagwira pakamwa. Mkati apongozi anakokera nsalu kumaso.

"Amayi," anatero Gerevazio, ndipo kanali koyamba kuwalankhula pamaso, "lolani timutulutse. Ziyenera kuchitika anthu akuona."

"Zichitike chiyani?"

"Muziona, amayi. Mundione ndithu, musabise nkhope. Wobisa nkhope ndiyenera kukhala ine."

Anamugoneka Alufeo pamphasa pakati pa bwalo, dzuwa lili pamutu, nkhungu itaima m'mbali ngati nayonso yabwera kudzamva. Gerevazio anagwada kumapazi. Phazi linali lozizira moti linkawawa m'manja. Analinyamula, naswa chigoba ndi mano, nathira dothi pansi. Munthu uja amene ankadziwa mawu a wansembe, a tambala, a mlamu wake, a mudzi wonse, anafunafuna ake enieni, nawapeza ali ochepa kwambiri.

"Ndine Gerevazio, mwana wa kwa Tsumba. Ndine ndinatapa."

Anatsitsa phazi padothipo. Kwa kanthawi palibe chinachitika. Kenaka chala chokhota chija chinagwedera. Alufeo anakoka mpweya ngati munthu wotuluka pansi pa madzi, nati mapazi akumutentha, akumutentha ngati waponda makala. Atachotsa phazi, pansi panali chidindo chake, chakuya, zala zonse zisanu.

Palibe analulutira. Fungo lija linali litachoka, ndipo anthu anangozindikira chifukwa tsopano ankamva utsi ndi mbuzi.

Mkazi wa Petulo ndiye anaimirira, mutu wometedwa kumene. "Nanga amuna anga?"

"Ndine."

"Ackim?"

"Ndine. Ndinali ndi masiku oti ndinene. Sindinanene."

"Anakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Nanga chifukwa chake?"

Gerevazio anayang'ana anzake a kwa Tsumba. Bonifasio anali atatembenukira kuphiri. Ena ankakanda pansi ndi zala za kumapazi.

"Mpira," anatero.

Akanamumenya zikanakhala bwino. Anadikira chibonga, anadikira mwala, anaweramitsa mutu kuti asavutike kulunjika. Palibe anakweza dzanja. Mayi wamasiye wa maso ofiira uja anangomuyang'ana, nakonza nsalu yake, napita kwawo. Anthu ena anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akulambalala pamene iye anagwada monga amalambalalira pamene mwana wachita chimbudzi. Alufeo anali maso, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo sananene alamu, sananene akamwini. Anangopempha kuti amubwezere m'nyumba.

Pofika kunyumba Gerevazio anapeza mphasa yake, khasu ndi nkhwangwa zili panja, zitamangidwa bwinobwino ndi luzi. Chitseko chinali chotseka. Anaima pang'ono, naitana mkazi wake, "Nabanda." Mkati munali munthu, ankamva kupuma kwake. Ananyamula katundu.

Chiperoni chinali chitayamba kuwaza, kanjira ka kwa Tsumba kali fewefewe. Sankadziwanso ngati kwa Tsumba akamulandira, paja zigoli zawo khumi ndi chimodzi anali atazisandutsa chinthu choti mwana wawo sadzachitchula. Anayenda ndithu. Atadutsa minda yomaliza, pamene nkhungu inatseka mudzi kumbuyo kwake, anamva kanthu.

Kwe. Kwe.

Anaima. Nako kanaima. Anayenda masitepe atatu, ndipo kumbuyo, osati patali, kanthu kolimba kanapala dothi lonyowa, mofatsa, ngati munthu wosazolowera ntchitoyo.

Akanatha kucheuka. Nkhungu sinali yothithikana moti sakanaona nsalu. Akanatha kudumphira pamiyala, kapena kutsikira mumtsinje n'kuyenda m'madzi. Koma anadziwa kuti akacheuka apeza munthu amene anadya naye, atawerama ndi chigoba m'manja, ndipo munthuyo moyo wake wonse adzakumbukira kuti anaonedwa. Manyazi amenewo Gerevazio ankawadziwa kulemera kwake.

Anakonza mphasa paphewa, nachepetsa liwiro, nayamba kuponda molimbika pakati penipeni pa njira, kuti mwini ntchitoyo asavutike.